Tafunsani Amalume: dilipi yofiira ija imakachita chani m'thupi?

Moni a ku Dedza, a ku Ntcheu ndi nonse owerenga. Mwezi uno mafunso abwera ambiri pa WhatsApp moti ena ndawasungira mwezi wa mawa, koma asanu awa ndaona kuti akuyenda njira imodzi, onse ndi a mankhwala a khansa aja timangoti kemo. Ndikulemba nditavala majuzi awiri, Juni wa kuno mukumudziwa, nde mukaona chilembo chadumpha ndi zala zauma izi. Paja ine ndi mphunzitsi wa bayoloje wopuma ntchito, zosintha mankhwala ndi za adokotala anu, ine yanga ndi kufotokoza basi.

Funso: Amalume, achemwali anga anawapeza ndi khansa ya m'mawere ndipo akumapita ku Lilongwe pakatha masabata atatu aliwonse kukalandira mankhwala. Ena mwa mankhwalawo ndi ofiira ngati Cherry Plum. Tsiku loyamba mkodzo unatuluka wofiira, apongozi awo anayamba kulira kuti akukodza magazi, pano tsitsi lonse lathothoka. Kumudzi akuti mankhwalawo akuwawotcha m'kati. Kodi amakachita chani kwenikweni? Nachisale, Bembeke.

Yankho: Mayi Nachisale pepani ndi matenda, ndipo mwachita bwino kumawaperekeza achemwaliwo, thiransipoti ya Bembeke mpaka Lilongwe masiku ano si masewera. Tiyambe ndi mkodzo kuti apongoziwo apeze tulo. Si magazi ayi. Mankhwalawo dzina lake doxorubicin, ena amati Adriamycin, ndipo kufiirako ndi mtundu wake chabe, amatuluka ndi mkodzo tsiku limodzi kapena awiri kenako zimatha zokha. Koma kufiirako kukapitirira masiku angapo, kapena akumva kuwawa pokodza, pamenepo mukanene, chifukwa mnzake amene kawirikawiri amaperekedwa naye limodzi, cyclophosphamide, amatha kupweteka chikhodzodzo, n'chifukwa anesi amalimbikira zomwa madzi ambiri.

Mankhwalawa anachokera m'dothi, eti. Akatswiri a kampani ya Farmitalia ku Italy anapeza tizilombo ta m'nthaka totulutsa utoto wofiira pafupi ndi Castel del Monte, ndipo kuchokera ku mtundu wa tizilomboto ndi kumene doxorubicin anapezeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Dzina loti Adriamycin ndi la nyanja ya Adriatic.

Tsopano kuti mumve zimene amakachita, tilowe kaye m'thupimo. Thupi ndi lomangidwa ndi maselo ngati nyumba ndi njerwa, ndipo pafupifupi selo iliyonse ili ndi kachipinda pakati kosungira DNA, ulusi umene mwalembedwa malangizo onse a thupi. Ulusi wa mu selo imodzi yokha mutautambasula umafika mamita 2, kutalika ngati chitseko. Kachipinda kake? Tengani milimita imodzi pa lula ya mwana wa sukulu, muigawe ka 100, kachidutswa kamodziko nde kukula kwake. Nanga chitseko chonsecho chikwana bwanji mmenemo osapiringizika?

Pitani pakhonde pa telala aliyense pa Dedza boma musuzumire mu kabati ka makina ake. Ulusi sausiya mbwee, amaukulunga pa mabobini. Selo nayonso imatero. Mabobini ake ndi timapuloteni totchedwa histone, bobini imodzi imapangidwa ndi tisanu ndi titatu, mitundu inayi tiwiritiwiri, H2A, H2B, H3 ndi H4. Ulusi umazungulira bobiniyo pafupifupi kawiri, zilembo za DNA ngati 147, kenako kampata pang'ono, bobini ina, kampata, bobini ina, mpaka mabobini ngati 30 miliyoni mu selo imodzi. Ulusi ndi mabobini pamodzi ndi zimene amati chromatin. Pa makina oonera tinthu tating'ono zimaoneka ngati mikanda ya amayi a Chingoni pa Umhlangano, kusiyana kwake ulusiwu sudutsa pakati pa mkanda, umazungulira kunja. Zimagwirana chifukwa DNA ili ndi mphamvu ya mayinasi pomwe ma histone ali ndi ya pulasi, ngati mbali ziwiri za batire. Ndipo mabobiniwa si ongosungira, pamene ulusi wakulungidwa zolimba selo siingawerenge zolembedwa pamenepo, pamene pamasuka imawerenga. N'chifukwa selo ya khungu ndi ya chiwindi zili ndi DNA yofanana ndendende koma ntchito zosiyana, chilichonse chinatseka masamba ena n'kutsekula ena.

Doxorubicin akalowa mu mtsempha amayenda ndi magazi mpaka mu kachipinda kaja. DNA mukaiyandikira ili ngati makwerero opotoka, ndipo mankhwalawa ndi afulati ngati lezala, nde amadzilowetsa pakati pa masitepe awiri n'kukakamira pompo. Chimenecho choyamba.

Chachiwiri ndi ichi. Munaonapo mbuzi ziwiri zomangidwa pafupi zingwe zitalukana? Pena njira yachidule ndi kudula chingwe chimodzi, kudutsitsa chinacho, n'kulumikiza. Mu selo muli wantchito wotero dzina lake topoisomerase II, amadula DNA, kumasula mfundo, n'kulumikizanso bwinobwino, ndipo amatanganidwa kwambiri selo ikamagawikana. Doxorubicin amamugwira dzanja atadula kale asanalumikize. Ulusi umangotsala wodukaduka, ndipo selo ikaona kuti zaduka zambiri zosatheka kukonza imadzipha yokha.

Kwa zaka zambiri ife m'kalasi nkhani tinkaithera pamenepa. Koma mu 2013 gulu la Jacques Neefjes ku Netherlands Cancer Institute mu mzinda wa Amsterdam linaonetsa chachitatu, chimene ine chimandisangalatsa kuposa zonse. Anamata ma histone kanthu kowala kobiriwira kuti aziwaona ali mu selo yamoyo, atathira doxorubicin anangoona kuwala kuja kukumwazika, mabobini akusololoka kuchoka pa ulusi, makamaka malo omasuka aja amene selo ikuwerenga. Mankhwalawa ali ndi kamchira ka shuga kamene kamakakhala mu kangalande ka DNA momwe histone amagwirira, nde malo amodzi anthu awiri, histone amagonja. Chaka chomwecho gulu la Steven Henikoff ku Seattle linapezanso kuti doxorubicin amasokoneza mabobiniwa. Choipira selo ya khansa n'choti mwa ma histone ogwawo muli H2AX, amene ntchito yake ndi kukuwa kuti kuno kwaduka bwerani mudzakonze. Nde taganizani, mbava yadula waya wa mpanda komanso yachotsa mlonda woimba wezulo.

Tsitsi likuthothoka chifukwa mankhwalawa sadziwa dzina la munthu, amapweteka kwambiri maselo ogawikana msangamsanga, a khansa ali m'gulu limenelo koma a mizu ya tsitsi, a m'kamwa ndi a m'mafupa opanga magazi alinso momwemo. Limayamba kugwa patatha masabata awiri kapena atatu ndipo limameranso akamaliza kemo, pena lofewa kuposa kale. Pakali pano muwapezere chipewa cha wulu, mutu wopanda tsitsi ku Bembeke mwezi uno ndi chilango. Chimene ndikufuna muope si tsitsi koma ichi: pakati pa tsiku la 10 ndi la 14 chilandirire mankhwala asilikali a m'magazi amakhala atatsika zedi. Thupi likatentha kufika 38, musawapatse Panado n'kumadikira kuche, musagule LA pa golosale poganiza kuti ndi malungo, thamangani nawo kuchipatala usiku womwewo ndi kabuku kawo ka chipatala m'manja ndipo mukanene pakhomo pomwe kuti munthuyu ali pa kemo.

Funso: Akazi anga analandira mankhwala ofiirawo maulendo sikisi, chotupa cha m'khosi chinaphwa koma patha chaka chayambanso. Tabwerera adokotala akuti ofiira aja sangawapatsenso, awasinthira ena. Ine ndikuona ngati mankhwala alipo koma akufuna kenakake. Ndigulitse kachewere ndikawagule ku famase ya pulayiveti? Bambo wodandaula, Tsangano.

Yankho: Achimwene, kachewereyo musunge, mudzamufuna pa thiransipoti. Ndikumvetsa chifukwa chake mwaganiza choncho, tonse tinamvapo mawu oti mankhwala atha, koma apa adokotalawo akuteteza mtima wa mayiwo. Doxorubicin ali ndi malire a moyo wonse wa munthu, osati a chaka ayi, a moyo wonse. Amawerengera potengera msinkhu ndi sikelo ya wodwala, ndipo malire ake ali pakati pa mamiligalamu 450 ndi 550 pa sikweya mita iliyonse ya thupi. Pa khansa za mwanabele kawirikawiri amapereka 50 ulendo umodzi, maulendo sikisi nde 300 yapita kale, kuyambiranso sikisi ena mwafika 600, mwadumpha mpanda.

Chifukwa chake n'choti maselo a mtima sali ngati a tsitsi. Tsitsi likagwa limamera, koma maselo a mtima amene munabadwa nawo ambiri ndi omwewo mpaka ukalamba, akafa malo mwake mumangotsala chipsera. Ali ndi mtundu wawo wa wodula zingwe uja, topoisomerase II beta, nde mankhwalawa amawapezanso, ndipo kuwonongekako kumaunjikana pang'onopang'ono ngati ngongole ya katapila, pena kumadzaonekera patatha zaka. Munthu amene ankakwera zitunda za ku Tsangano ndi thumba pamutu n'kuyamba befu pongopita kudimba, miyendo kutupa, kulephera kugona chagada. Mukaona zimenezo mwa mayiwo olo patapita zaka zisanu, mukawauze achipatala kuti analandirapo doxorubicin.

Pali nkhani yabwino pang'ono kutsogoloku. Gulu la Neefjes lomwe lija linayerekeza mankhwala atatu. Etoposide amadula DNA koma sagwetsa mabobini. Aclarubicin, amene amagwiritsidwa ntchito ku Japan ndi ku China pa khansa ya m'magazi, amagwetsa mabobini koma sadula DNA. Doxorubicin amachita zonse ziwiri, ndipo pa atatuwa ndi iye amene amavutitsa mtima kwambiri. Mu 2020 anaonetsa kuti atasintha pang'ono kamchira ka shuga kaja, doxorubicin watsopanoyo ankangogwetsa mabobini osadula, ankaphabe maselo a khansa koma mitima ya mbewa zoyeserera inakhala bwino. Ndati mbewa, mumve bwino, si zoti mukapeza pa famase mawa. Koma zikuonetsa kuti mwina kugwetsa mabobini pakokha ndi chida chokwanira, zomwe kale palibe ankaziganizira. Panopa inu landirani amene awasinthirawo, ndipo kabuku kakale kaja musakataye olo katadzadza, mmenemo ndi momwe muli chiwerengero cha maulendo.

Funso: Ankolo, ndili Fomu 4. Pa gulu lathu la WhatsApp wina anatumiza kuti mapilisi a khunyu otchedwa valproate amachiza khansa koma azungu akubisa. Mng'ono wanga amamwa omwewo. Tingawagawireko agogo amene ali ndi khansa ya kummero? Mnyamata wa pa Lizulu.

Yankho: Mphwanga, mapilisi a mng'ono wako asiye, akadumphitsa masiku adzagwera pamoto, ndipo agogo sawathandiza. Koma bodza limeneli lili ndi kambewu ka zoona mkati, ndipo poti uli Fomu 4 tiye tikafukule.

Wawerenga za mabobini pamwambapa. Bobini iliyonse ili ndi timichira totulukira kunja, ndipo selo imamata zizindikiro pa timichirato ngati mmene amayi pa msika wa Lizulu amamangira kansalu pa thumba kuti adziwe lawo. Chizindikiro china ndi acetyl. Chikamatidwa chimaphimba pulasi uja wa histone, kugwirana ndi DNA kumachepa, ulusi umamasuka, selo imawerenga. Vincent Allfrey ku New York ndi amene anaziona koyamba mu 1964. Ndiye pali antchito ena otchedwa HDAC amene amachotsa acetyl, ulusi n'kumangikanso. Maselo ena a khansa amagwiritsa ntchito ma HDAC kutsekera masamba amene mwalembedwa kuti siya kugawikana, kapena yakwana nthawi yoti ufe. Malangizowo alipo ndithu sanafufutike, angotsekeredwa mu sutikesi. Nde anthu anaganiza kuti tikamugwira manja HDAC, sutikesi itseguka, selo iwerenga yokha chilango chake.

Mankhwala otero alipo ndipo palibe akubisa. Vorinostat analoledwa ku America mu 2006, romidepsin mu 2009, belinostat mu 2014. Koma taona kumene amagwira: khansa zosowa za maselo a chitetezo otchedwa T, zina zoonekera pakhungu. Pa zotupa zolimba ngati ya kummero, ya m'mawere, ya khomo la chiberekero, akawayesa paokha zotsatira zake zakhala zokhumudwitsa. Valproate yemweyo mu 2001 anapezeka kuti nayenso amagwira HDAC, koma mofooka, ndipo mpaka lero si mankhwala a khansa. Amatha kupweteka chiwindi, ndipo kwa mayi woyembekezera amalumaza mwana m'mimba. Za mu mbale ya mu labu ndi za m'thupi la agogo ndi mitunda iwiri yosiyana, mu mbale olo Jik amapha maselo a khansa.

Poti mayeso ali pafupi ndikuwonjezere ya ulere. Pena vuto limakhala pa bobini penipeni. Mu 2012 anapeza kuti zotupa zina zoopsa za mu ubongo mwa ana zimabwera chifukwa histone H3 yasintha pa malo amodzi okha, a nambala 27, pamene pamayenera kumatidwa chizindikiro chotseka. Kachilembo kamodzi, masamba mazanamazana n'kutseguka nthawi yolakwika. Agogo apite nawo kuchipatala msanga, akamavutika kumeza pali zimene angathandizidwe nazo, kuphatikiza mankhwala ochepetsa ululu.

Funso: Mayi anga ali ndi khansa ya khomo la chiberekero. Anzawo amalandira ofiira koma iwo amangowaika madilipi a madzi tsiku lonse, mankhwala ake osaoneka mtundu, tsitsi silinagwe n'komwe. Sakutinamiza? Nangozo, Golomoti.

Yankho: Sakukunamizani mayi. Mmene mwafotokozeramu akuoneka kuti ndi cisplatin, muone mu kabuku mutsimikize. Ndi oyera ngati madzi, ndipo tsitsi sagwetsa kwambiri. Madilipi ambiriwo ndi otsuka impso chifukwa mankhwalawa amavutitsa impso, nde kukodza pafupipafupi tsiku limenelo n'kumene akufuna. Mkati mwake muli chitsulo chodula chija cha platinum. Anawatulukira mwangozi mu 1965, Barnett Rosenberg ku Michigan State University ankadutsitsa magetsi m'madzi a tizilombo pogwiritsa ntchito timitengo ta platinum, tizilombo n'kusiya kugawikana kumangotalika ngati zingwe, kufufuza bwino anapeza kuti si magetsi koma platinum wosungunukayo. Anayamba kuperekedwa kwa odwala movomerezeka mu 1978.

Awa salowa pakati pa masitepe ngati ofiira aja. Amagwira zilembo ziwiri za DNA zotchedwa G zoyandikana n'kuzimanga pamodzi ngati sitepula, ulusi n'kupindika pamenepo, makina okopera DNA akafika amaima. Selo ili ndi amisiri ochotsa zoterezi, koma pamene ulusi wakulungidwa pa bobini amavutika kufikapo mpaka atasuntha bobiniyo, ndipo pali mapuloteni ena a mu chromatin otchedwa HMG amene amakonda ulusi wopindika, amakakhala pompo ngati nkhuku pa mazira, amisiri osaona. Akayamba kumva kulira m'makutu kapena dzanzi m'mapazi akanene, ndipo asamwe Brufen kapena Indocid osafunsa, amawonjezera katundu pa impso. Inuyo mayi Nangozo mukayezetse khomo la chiberekero, amayeza ulere, ndipo ngati muli ndi mtsikana wa zaka 9 katemera wa HPV, kachirombo koyambitsa khansayi, anayamba kuperekedwa dziko lonse mu 2019.

Funso: Ndamva kuti vincristine amene mwana wanga akulandira amachokera ku maluwa apinki aja amamera pakhomo paliponse. Pakhomo panga ali mbwee. Ndingawiritse masamba kuti tichepetse maulendo? Bambo a Chikondi, Linthipe.

Yankho: Mwamva zoona, duwa lake ndi lomwelo la timasamba tonyezimira, kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar. Koma ayi bambo, musayerekeze. Pamafunika masamba makilogalamu mazanamazana kuti apeze galamu imodzi, ndipo mu tsambalo muli ziphe zina zambiri zimene mu mphika mwanu zituluka limodzi. Vincristine weniweniyo samwa, amalowa pa mtsempha pokha. Iyeyu mabobini sawakhudza, amadikira pamene selo yakopera chromatin yake yonse n'kuikulunga kukhala mitolo 46 kuti igawane, iye n'kuphwasula zingwe zokokera mitoloyo mbali ziwiri, selo imangokakamira pakati mpaka kufa. N'chifukwa amaphatikiza mankhwala angapo, wina adule ulusi, wina agwetse mabobini, wina aphwasule zingwe. Mwanayo akamadzimbidwa masiku angapo kapena akamakoka phazi poyenda mukawauze anesi, ndi zizindikiro za vincristine zimenezo ndipo amatha kuchepetsa mlingo. Ngati vuto ndi ndalama ya minibasi, lankhulani ndi anesi a ku wodi ya ana tsiku la ulendo lisanafike, muwauze mosabisa kuti thiransipoti yavuta, afunseni ngati pali thandizo, kusiyana n'kungokhala pakhomo tsiku la mankhwala n'kudutsa.

Mafunso a shuga ndi a BP amene munatumiza a ku Kampepuza ndi a ku Lobi ndawaona, tidzawayankha mwezi wa mawa.